Wotchi yanga ya ma relay ikudumpha kuchoka pa 09 kupita pa 12

Kanthambo
Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo kwa masabata awiri tsopano. Ndikupanga wotchi ya manambala yowerenga ndi ma relay okhaokha (timaswitchi tomwe contact yake imakokedwa ndi maginito magetsi akalowa m'koyilo), popanda microcontroller (kachip koyendera program). Pakadali pano ndamaliza gawo la mphindi. Nambala ya kumanja ili ndi ma flip-flop anayi (flip-flop ndi kagawo kosunga 0 kapena 1), ya 1, ya 2, ya 4 ndi ya 8, ndipo ya kumanzere ili ndi atatu. Flip-flop iliyonse ndi ma relay awiri a 12V, ina yotsogola, ina yotsatira. Manambala ndikuwawerenga pa timababu ta LED tomwe ndaika pa koyilo iliyonse yotsatira.

Kuchoka pa 0 mpaka 9 zikuyenda bwinobwino, mpaka kukoma kumva kulira kwake. Koma ikafika pa 09, nthawi zina imapita pa 10, nthawi zina imadumpha n'kukatera pa 12. Dzulo ndinakhala pansi n'kumaigunditsa ndi batani: pa maulendo 20, maulendo 7 yatera pa 12. Mawaya ndawayang'ana kambirimbiri, palibe pomwe pamasuka. Ndikulakwitsa pati?

Chemwali_Volt
Achimwene, tiuzeni kaye momwe mwaibwezera pa 0. Ma flip-flop anayi mukawasiya okha amawerenga mpaka 15, ndiye pali china chake chomwe mwaika choti chiwadule akakwana 10. Chimenecho n'chomwe ndikufuna kumva. Komanso nambala ya kumanzere ikudziwa bwanji kuti nthawi yoti ikwere yakwana?

Kanthambo
Ndaika relay ina yomwe ndikuitcha R. Koyilo yake imalandira magetsi podutsa pa contact ya 8 kenako pa contact ya 2, motsatizana. Ndiye imakoka pokhapokha zonse ziwiri zakoka, kutanthauza 1010 mu binary (8 ndi 2 zakoka, 4 ndi 1 zili pansi), yomwe ndi 10. R ikakoka imadula waya wodyetsa ma relay onse 8 a nambala ya kumanja, onse n'kugwa. Ya kumanzere imakwera 8 ikagwa.

Gogo Telefoni
Mwana wanga, ma relay akowo ndi amtundu umodzi onse? Ndipo R ili ndi diode pa koyilo?

Kanthambo
Ayi agogo, ndinachita kuwazula m'mabolodi akale. Ambiri ndi ang'onoang'ono, koma awiri a pa 2 ndi akuluakuluko. Onse a m'ma flip-flop ali ndi diode ya 1N4007. R ilibe, poti sikuyendetsedwa ndi transistor ndinaona ngati n'zosafunika.

Gogo Telefoni
Ndiye usavutikenso ndi mawaya, ali bwino. Vuto lako ndi nthawi.

Taganiza pang'onopang'ono zomwe zikuchitika m'kuphethira kwa diso kuja. 8 ndi 2 zakoka, R yakoka, magetsi aduka. Koma relay sigwa pomwepo magetsi akaduka. Maginito a m'koyilo amatha pang'onopang'ono, ndipo diode ija imawachedwetsanso chifukwa imapatsa kalenti njira yozungulira m'koyilo momwemo mpaka ithe yokha. Relay yaing'ono ya pa 8 imagwa msanga. Ikangogwa, njira ya R yaduka. R ilibe diode, ndiye imamasuka mwachangu n'kubwezeretsa magetsi. Panthawiyo relay yaikulu ya pa 2 isanagwe, contact yake yodzigwirira ikadali yotseka. Magetsi abwera, yadzigwiranso. 8 yagwa, kumanzere kwakwera 1, kumanja kwatsala 2. Ndi 12 wakoyo.

R ikudula nthambi yomwe yakhalapo. Ntchito isanathe, iyo yasiya kale.

Usangondikhulupirira. Chotsa ma relay akuluakulu aja uwaike pa 8, ang'ono uwaike pa 2. Ngati ndikunena zoona, 12 asowa ndipo uyamba kuona 08.

Wachangu
Ndifunse mosanyoza ayi. Zonsezi Arduino imodzi (bolodi ya microcontroller) ndi kachipangizo kosunga nthawi ka DS3231 zimatha madzulo amodzi, wotchi n'kumasunga nthawi bwino kwambiri ngakhale magetsi atazima. N'chifukwa chiyani munthu angawononge masabata pa ma relay omwe amadya magetsi ambiri komanso amatha?

Kanthambo
Funso labwino achimwene. Wotchi ya Arduino ndinapangapo kale, imagwira ntchito. Koma nditamaliza ndinazindikira kuti sindikudziwa kuti kukumbukira n'chiyani kwenikweni. Ndinangolemba kuti nambala ikwere, n'kukwera. Tsiku lomwe ndinalumikiza contact ya relay ku koyilo yake yomwe, n'kuchotsa chala pa batani, relay n'kukhalabe itakoka, ndinakhala ndikuiyang'ana nthawi yaitali. Kachitsulo kakukumbukira kuti ndinakakhudza, ndipo ndikukaona ndi maso. Ndikufuna wotchi yomwe nambala iliyonse ndingathe kuiloza ndi chala kuti ikusungidwa apa.

Aphunzitsi_Fiziki
Zomwe mwanenazi n'zomwe ndimalimbana nazo ndi ophunzira chaka ndi chaka. Flip-flop ya mu chip amaiiloweza pamtima koma saikhulupirira. Ya relay amaimva ndi makutu.

Ndipo njira mwatengayi ndi yomwe makompyuta anadutsa. Flip-flop yoyamba yamagetsi anapanga ndi William Eccles ndi F. W. Jordan mu 1918, ndi ma valve awiri. Mu 1937 Claude Shannon, akuphunzira ku yunivesite ya MIT ku America, anaonetsa kuti masamu a Boole angafotokoze ma circuit a ma relay: ma contact otsatizana ndi AND, oyandikana m'mbali ndi OR, contact yotseka yomwe imatseguka relay ikakoka ndi NOT. R yanuyo ndi AND yeniyeni. Chaka chomwecho George Stibitz wa ku Bell Labs analumikiza ma relay patebulo la kukhitchini kwake n'kupanga chophatikizira manambala a binary. Ku Berlin, Konrad Zuse anamaliza kompyuta ya Z3 mu 1941, yokhala ndi ma relay pafupifupi 2,600, ndipo inkagunda pafupifupi kasanu pa sekondi. Anthu amenewa ankalimbana ndi mpikisano wa ma contact womwewu womwe agogo afotokoza.

Gogo Telefoni
Aphunzitsi mwaiwala njenjete ija.

Aphunzitsi_Fiziki
Zoona agogo. Pa 9 September 1947, ogwira ntchito pa kompyuta ya Harvard Mark II anapeza njenjete itapanikizika mu relay, n'kuimata m'buku lawo la ntchito. A Kanthambo, bokosi la wotchi yanu lidzakhale lotseka bwino.

Kanthambo
Ndabwerako! Agogo, mwalasa. Ndasinthanitsa ma relay aja monga munanenera. 12 sanaonekenso n'kamodzi komwe. Tsopano ikafika pa 09, nthawi zina ikubwerera pa 08, kumanzere osakwera. Ndinayandikitsa khutu pa bolodi ndipo zikumvekadi: R ikungoti tche, kamodzi kofupika kwambiri, pomwe relay yaikuluyo ikungonjenjemera pang'ono osagwa. Ndinaika chala pamwamba pake, kunjenjemerako kumamveka. Ndiye ndichite bwanji? Ndifune ma relay ofanana onse?

Nyenyezi555
Ayi, ingoikani capacitor pa koyilo ya R kuti ichedwe kumasuka. Ngati koyilo ndi ya 400 ohm, capacitor ya 100 µF ikupatsani pafupifupi mamilisekondi 40. N'zokwanira kuti ma relay onse agwe. Muikenso resistor yaing'ono motsatizana ndi capacitor, chifukwa capacitor yopanda kanthu imameza kalenti yambiri nthawi imodzi, ma contact a 8 ndi 2 angamapse.

Gogo Telefoni
Capacitor igwira ntchito, sindikukana. Ngakhale diode yokha pa R ingachepetse vutolo. Koma uku n'kupambana mpikisano pothamangitsa mnzako pang'onopang'ono, mpikisanowo ukadalipo. Capacitor ikakalamba, kapena sipuling'i ya relay ina ikafooka, 12 adzabwerera patatha chaka, ndipo udzakhala utaiwala kuti anachokera kuti. Ndagwira ntchito zaka zambiri pa makina a telefoni a ma relay, ndipo zovuta zomwe zinkatizunza kwambiri sizinali zomwe zafa, koma zomwe zimalakwitsa kamodzi pa sabata.

Chotsa mpikisanowo. Upatse R contact yodzigwirira yokha, ndipo magetsi odzigwirirawo achokere ku waya wa kugunda kwa mphindi, osati ku 8 ndi 2. Ndiye 8 ndi 2 ntchito yawo ndi kungoidzutsa R. Ikadzuka imadzigwira yokha mpaka kugunda kwa mphindi kutatha. Ngati kugundako ndi kwa sekondi imodzi, ma relay ako ali ndi sekondi yathunthu yoti agwe, aakulu ndi aang'ono omwe. Kugunda kukatha R imamasuka, magetsi abwerera, onse ali pansi, ndiyo 0.

Uike diode pakati pa njira yodzutsa ndi njira yodzigwirira, apo ayi magetsi azizembera chobwerera m'mbuyo n'kukadzutsa zomwe sunaziitane. Ndipo nambala ya kumanzere usaikwezenso ndi kugwa kwa 8. Ikweze ndi contact ya R yomwe.

Chemwali_Volt
Ndikugwirizana ndi agogo. Ndionjezere chenjezo kwa ena omwe akuwerenga. A Kanthambo anachita bwino kudula magetsi a ma flip-flop onse anayi. Ine pa counter yanga yoyamba ndinaganiza kuti poti pa 10 zomwe zakoka ndi 8 ndi 2 zokha, ndizigwetsa zimenezo basi. Zotsatira zake inkachoka pa 09 n'kupita pa 14 nthawi zonse. Zinanditengera masiku atatu kuti ndione chifukwa: flip-flop ya 4 imatembenuka 2 ikagwa, ndipo iyo sidziwa ngati 2 yagwa powerenga kapena yachita kugwetsedwa. Pobweza pa 0, gwirani onse.

Mphukira
Pepani akuluakulu, ine ndine watsopano pa zimenezi. Relay yodzigwira yokha ndikuimvetsa. Chomwe chikundivuta ndi flip-flop yotembenuka, yoti batani lomwelo ukalidina koyamba iyake, kachiwiri izime. Ndinayesa ndi relay imodzi, ikungolira ngati belu.

Chemwali_Volt
Ikulira chifukwa mukuiuza kuti ikakoka igwe, ikagwa ikoke, ndipo palibe chomwe chikuidikiritsa. N'chifukwa chake pamafunika ziwiri. Tizitche A, yotsogola, ndi B, yotsatira.

Kugunda kubwere pa contact yosinthasintha, ya miyendo itatu. Mwendo wapakati uli ku 12V. Miyendo inayo ikupatsani mawaya awiri: waya wopuma, womwe uli ndi magetsi kugunda kusanabwere, ndi waya wogunda, womwe uli ndi magetsi kugunda kukabwera. Waya wopuma upite pa mwendo wapakati wa contact ya B. B ikakhala pansi magetsiwo apite ku koyilo ya A, B ikakhala itakoka apite ku koyilo ya B yomwe. Waya wogunda udutse pa contact yotseguka ya A, kenako ugawike pawiri kudzera m'ma diode awiri, ina ku koyilo ya A, ina ku koyilo ya B.

Tsatirani ndi chala papepala. Poyamba B ili pansi, ndiye A imakoka, yakonzeka. Kugunda kwabwera: A yadzigwira, B yakoka. Kugunda kwatha: B yadzigwira kudzera pa waya wopuma, A yasowa chakudya, yagwa. Kugunda kwachiwiri: waya wopuma wazima, A ili pansi ndiye waya wogunda sukudutsa, B yagwa. Kugunda kwatha: A yakokanso. Kugunda kuwiri, B yakoka kamodzi. Ndiko kugawa ndi 2. Contact yachiwiri ya B ndi yomwe imagunditsa flip-flop yotsatira, ndipo muilumikize kuti waya wogunda wa yotsatirayo uziyaka B ikagwa.

Gogo Telefoni
Mwafotokoza bwino mayi. Pali kanthu kamodzi komwe pepala silionetsa. Contact yosinthasintha imachoka mbali ina isanafike mbali inayo. Kwa kamphindi kakang'ono kwambiri lilime lija lili m'malere, mawaya onse awiri alibe magetsi. Panthawi imeneyo A kapena B ilibe chomwe chikuigwira. Chomwe chimaipulumutsa ndi kuchedwa kugwa kuja, ndipo chochedwetsa ndi diode ya pa koyilo. Wina akadzati achotse ma diode kuti counter ithamange, adzaona ikuiwala manambala pakati pa njira.

Ndiye taona Kanthambo, diode yomwe inakubweretsera 12 ndi yomweyonso ikusunga ma flip-flop ako amoyo. Usaichotse. Ungodziwa pomwe kuchedwa kukukuthandiza ndi pomwe kukukupweteka.

Mphukira
Zatheka! Ndinali nditaiwala ma diode awiri ogawa aja, A ndi B zinkakokera limodzi. Zikomo kwambiri achemwali.

Kanthambo
Ine nanenso zatheka. R ikudzigwira pa waya wa kugunda, ndaigunditsa maulendo oposa 200, sinaphonyepo. Ma relay osiyana aja ndawasiya momwemo dala kuti ndione ngati njirayi ikupiriradi. Ndachitanso chimodzimodzi kumanzere: relay ina imadzuka 4 ndi 2 zikakoka, ndiyo 6, ndipo imadzigwira kudzera pa contact ya R yoyamba. Kuchoka pa 59 kupita pa 00 kuli bwino.

Tsopano ndikufuna kuonjezera masekondi kutsogolo, ma flip-flop ena 7. Pamodzi ndi 6 a maola akhala 20.

Chemwali_Volt
Imani kaye pamenepo achimwene, tiwerengetsere. Tsiku lili ndi masekondi 86,400, chaka 31,536,000. Relay yolandira kugunda idzakoka sekondi iliyonse. Yang'anani datasheet ya ma relay anu, ambiri ang'onoang'ono otere amalembedwa kuti amapirira maulendo 10 miliyoni popanda katundu pa contact. Gawani 10,000,000 ndi 86,400, mupeza masiku osakwana 116. Ma relay a flip-flop ya 1 amakoka kamodzi pa masekondi awiri, ndiye miyezi isanu ndi itatu isanathe afika pa malire. Komanso anuwo ndi ozula m'mabolodi akale, simukudziwa kuti anagwira kale ntchito yochuluka bwanji.

Mukayambira pa mphindi, relay yotanganidwa kwambiri imakoka maulendo 1,440 patsiku, 525,600 pachaka. Maulendo 10 miliyoni aja ndi zaka 19.

Kanthambo
Zandipweteka koma masamuwo sakunama. Ndinkafuna kumva ikugunda sekondi iliyonse.

Gogo Telefoni
Ukhoza kupanga gawo la masekondi pa bolodi lakelake, ma relay ake pa ma socket kuti uzisintha mosavuta, ndi switchi yoliyatsa pomwe ukufuna kuonetsa anthu. Wotchi yeniyeni isadalire gawo limenelo. Ndipo ndikuuze monga munthu yemwe wakhala m'chipinda chodzaza ma relay: kulira kumakoma masana. Usiku wachitatu udzaifunafuna switchi imeneyo.

Nyenyezi555
Nanga kugunda kwa mphindi kuchokera kuti? Ine ndikanaika chip yogunditsa ya 555 ndi potentiometer (resistor yosinthika), n'kumaisintha mpaka ikwane.

Aphunzitsi_Fiziki
555 ndi yabwino poyesera patebulo, koma pa wotchi ayi. Nthawi yake imadalira resistor ndi capacitor, ndipo zimenezi zimasintha kukatentha kapena kukazizira. Kuphonya ndi 1 pa 100 kokha ndi masekondi 864 patsiku, kupitirira mphindi 14. Mungaikonze bwino m'mawa, pofika madzulo yasuntha.

Tengani crystal ya 32,768 Hz, ya m'mawotchi a pamkono ija. Nambala imeneyi ndi 2 wochulukitsidwa ndi iye mwini maulendo 15, ndiye mukaigawa ndi 2 maulendo 15 mupeza kugunda kumodzi pa sekondi. Chip ya CD4060 ili ndi magawo 14 ogawa ndi 2, imakupatsani 2 Hz. Theka la CD4013 limalizitsa kukhala 1 Hz. Kenako ma CD4017 awiri, ina yogawa ndi 10, ina ndi 6. Mukaphatikiza mwendo wa 0 wa iliyonse pa AND, mupeza kugunda kotalika sekondi imodzi ndendende pa mphindi iliyonse, komwe agogo akufuna kuja. Crystal yophonya ndi 20 pa miliyoni imasuntha masekondi osakwana awiri patsiku.

Kanthambo
Koma aphunzitsi, pamenepo ndalowetsa ma chip m'wotchi yomwe ndinati ndi ya ma relay. Palibe njira yopanda silicon?

Gogo Telefoni
Ilipo. Mota ya synchronous, yomwe liwiro lake limatsatira 50 Hz kapena 60 Hz ya magetsi a pakhoma, yokhala ndi magiya oti izungulire kamodzi pa mphindi. Pa shafiti uike kachimbale kokhala ndi kachotupa, kachotupako kazidina microswitch. Mawotchi a pakhoma akale ambiri ankayenda ndi mota zotere. Usayese kugawa 50 Hz ndi ma relay mwachindunji, ndi maulendo 4,320,000 patsiku, relay siingathe sabata. Ndipo mbali ya magetsi a pakhoma ikhale yotsekeredwa bwino, kutali ndi pomwe umaika zala.

Aphunzitsi_Fiziki
Njira imeneyi ndi yokongola, koma dziwani kuti wotchiyo idzalondola monga momwe oyendetsa magetsi akulondolera. Kumayambiriro kwa 2018 mawotchi odalira magetsi a pakhoma m'maiko ambiri a ku Ulaya anatsalira pafupifupi mphindi 6, chifukwa cha kusamvana pakati pa Serbia ndi Kosovo komwe kunatsitsa pang'ono 50 Hz ija kwa masabata angapo. Ine maganizo anga ndi akuti crystal isunge nthawi, ma relay awerenge. Kuwerengako ndi komwe mumafuna kuona ndi maso.

Kanthambo
Ndatenga ya crystal. Mota ndidzayesa ndikadzaipeza.

Koma ndagwa m'vuto lina. Ndalumikiza ma chip, transistor ya BC547 ikukoka relay yoyamba. Ma relay ambiri akagwa pamodzi, monga pa 59, ma CD4017 akumadumpha okha, mphindi yotsatira n'kukhala yaifupi.

Chemwali_Volt
Ndi phokoso la ma koyilo limenelo likulowa m'ma chip kudzera pa waya wa magetsi. Ma chip muwapatse 5V yawoyawo ndi 7805, chip iliyonse ikhale ndi capacitor ya 100 nF pafupi penipeni ndi miyendo yake ya magetsi, ndipo waya wa negative wa ma relay ukhale wosiyana ndi wa ma chip, akakumane pa power supply pokha. Koyilo iliyonse ikhale ndi diode, ma R onse omwe, poti tsopano kuchedwa kwawo sikukuvutaninso.

Power supply yanu ndi yotani? Ma flip-flop 13 ndi ma relay 26, kuonjeza anayi obweza pa 0 ndi imodzi yolandira kugunda, 31. Koyilo ya 400 ohm pa 12V imadya 30 mA. Onse atakoka ndi 930 mA. Sakokera onse pamodzi, koma musanaike mababu ndi ma relay oonetsera manambala mwafika kale pafupi ndi 1A. Ikani ya 2A.

Kanthambo
Inali ya 500 mA. Ndasintha, ndaikanso ma capacitor. Yakhazikika.

Wachangu
Ndakhala ndikutsatira mwakachetechete, ndipo nkhani ya R ija yandiphunzitsa kanthu komwe sindinkakaganizira ngakhale polemba ma program. Funso langa: bwanji osagwiritsa ntchito Johnson counter, ya ma flip-flop olumikizana mozungulira ija? Ma flip-flop 5 amakupatsa magawo 10, atatu amakupatsa 6, imabwerera yokha pa 0 popanda R, ndipo pa kugunda kulikonse imasintha flip-flop imodzi yokha. CD4017 yomwe mwaikayo m'kati mwake ndi Johnson counter ya magawo 5.

Gogo Telefoni
Wayankhula zanzeru. Ndikanakhala kuti ndikuyamba lero ndikanaiganizira kwambiri njira imeneyo, chifukwa nambala iliyonse umaizindikira ndi ma contact awiri okha. Koma ili ndi msampha wake. Ma flip-flop 5 angakhale m'njira 32, ndipo zovomerezeka ndi 10 zokha. Ikangolowa mu imodzi mwa 22 zotsalazo, chifukwa cha kugwedezeka kapena magetsi kuphethira, imazungulira m'menemo osatulukanso pokhapokha utaikonzera njira yotulukira. Komanso ma flip-flop onse amafuna kugunda nthawi imodzi, ndiye ma contact a relay yogunditsa amanyamula katundu wambiri. Kanthambo wamaliza kale za binary, apitirize.

Kanthambo
Ndipitiriza. Chatsala ndi kuonetsa manambala enieni m'malo mwa timababu ta binary. Ndinayesa kujambula mtengo wa ma contact wosandutsa 1, 2, 4, 8 kukhala mawaya 10. Ndinayambira pa 8, kenako 4, kenako 2, kumalizira 1. Ndapeza kuti relay ya 1 ikufunika ma contact osinthasintha 5, ndipo ndilibe yotero.

Aphunzitsi_Fiziki
Tembenuzani mtengowo. Mawaya 10 amafuna ma contact osinthasintha 9 basi, mulimonse mungayalire, koma mungawagawe mosiyana. Yambirani pa 1 ndi contact imodzi. Nthambi iliyonse mwa ziwirizo idutse pa 8, kenako pa 4, kenako pa 2. Mupeza kuti 1 ikufuna imodzi, 8 iwiri, 4 iwiri, 2 inayi. Relay ya ma contact anayi imapezeka. Muike ma relay oonetserawa padera, koyilo yake moyandikana ndi ya B, osabera ma contact a flip-flop.

Mukakhala ndi mawaya 10, chosavuta ndi babu limodzi pa nambala iliyonse. Mukafuna nambala ya timizere 7, ndi ma diode: 0 imayatsa timizere 6, 1 imayatsa 2, 8 imayatsa tonse 7, ndipo mukaphatikiza manambala onse 10 ndi ma diode 49. N'zambiri kuwotcherera, koma palibe chovuta. Ma Nixie, machubu agalasi oonetsa manambala aja, ndi okongola ndipo amafuna waya umodzi pa nambala, koma amayaka ndi pafupifupi 170V, ndiye musayambire pamenepo.

Gogo Telefoni
Ndipo pa maola usaiwale kuti pakufunika ma R awiri. Ina ya pa 10, yobweza kumanja n'kukweza kumanzere, monga pa mphindi. Ina ya pa 24, yodzuka 2 ya kumanzere ndi 4 ya kumanja zikakoka, yodula magetsi a mbali zonse ziwiri. Onse awiri adzigwire kudzera pa contact ya R ya pa 6, yomwenso ikugunditsa maola. Ukatero ma R onse ali pa chingwe chimodzi chochokera ku kugunda kwa mphindi, ndipo kugunda kukatha amamasuka motsatizana. Pa 23:59 m'pomwe chingwecho chimatalika kwambiri. Ukayesere pamenepo, osati kamodzi.

Batani lokonzera nthawi uliike kutsogolo kwa relay yolandira kugunda, osati ku ma chip. Relay siisamala kudumphadumpha kwa contact ya batani chifukwa imachedwa kukoka, koma CD4017 imawerenga kudumpha kulikonse.

Kanthambo
Ndabwera ndi lipoti. Gawo la maola latha Lachisanu. Ndinayesa 23:59 ndi batani maulendo 30, yonse yapita pa 00:00. Koma ndinkafuna ndiione ikuchita yokha, ndiye usiku wathawu ndinazimitsa nyale n'kukhala pafupi. Pa 23:59 timababu tinali titayaka 6: kumaola 2, kenako 2 ndi 1, kumphindi 4 ndi 1, kenako 8 ndi 1. Pepani, 7. Kugunda kutabwera kunamveka kulira kothamanga kuchoka kumanja kwa bolodi kupita kumanzere, ngati munthu akukoka ndodo pa mpanda, timababu tina n'kuphethira pang'ono, kenako tonse bii. Patatha sekondi ma R anamasuka, tche tche tche, relay ya A yoyamba n'kukoka kukonzekera mphindi yotsatira. Kenako zii mpaka 00:01.

Pa masiku atatu yatsogola ndi masekondi pafupifupi anayi poyerekeza ndi foni.

Aphunzitsi_Fiziki
Zimenezo zingakonzedwe. Capacitor imodzi mwa ziwiri za pa crystal muisinthe ndi trimmer (capacitor yosinthika), muonjezere pang'ono kwambiri, crystal ichepetsa liwiro. Muzisintha kamodzi n'kudikira masiku atatu musanakhudzenso.

Mphukira
A Kanthambo, nanga magetsi akazima?

Kanthambo
Imaiwala zonse, ikabwerera imayambira pa 00:00. Ndinaganiza za ma latching relay, a makoyilo awiri aja omwe amakhala pomwe wawasiya, koma angosunga nthawi yomwe magetsi anazimira, osati yomwe ili. Ndiye ndikuganiza zoika batire ya 12V kumbuyo kwa diode. Agogo, ndikaika batire, ndidyetse ma relay oonetsera manambala ndi mababu omwe, kapena ma flip-flop ndi ma chip okha?

Gogo Telefoni
Ma flip-flop, ma R ndi ma chip okha. Oonetsera ndi mababu akhale pa waya wawo wochokera ku power supply mwachindunji, magetsi akazima azizima nawo. Koma popeza makoyilo awo ali moyandikana ndi a B, uyenera kuwalekanitsa: mwendo wa negative wa iliyonse udutse pa diode yakeyake, kuti magetsi asazembere ku B ina, kenako pa contact ya relay imodzi yomwe imakoka pokhapokha power supply ili moyo. Uike fyuzi pafupi ndi batire, ndipo uyeze kaye ndi mita kuti pa 17:57 wotchi ikudya ma mA angati, chifukwa pamenepo ma B ambiri amakhala atakoka. Ubwere nayo nambalayo tione kukula kwa batire.